Zingwe za Nsapato za Adadi

"Izinso zipite," anatero azakhali, atanyamula nsapatozo ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Mlonda wa pageti uja phazi lake ndi lalikulu. Zimukwana."

Make Kapitawo anali atakhala pabedi akupisa m'matumba a mabuluku a mwamuna wake asanawapinde. M'buluku lililonse ankapezamo msomali umodzi wopindika kunsonga, ndipo anali ataika kale misomali inayi pawindo osadziwa kuti inali yachiyani. Linali tsiku lachisanu chimuikireni m'manda. Abale onse anali atabalalika. Anatsala azakhali okha, mlongo wake wamkulu wa malemuyo, mayi amene anakhala zaka makumi awiri akuyang'anira nyumba yogona atsikana pasukulu, ndipo chinthu chikakhala pamalo olakwika mutu unkawawawa.

"Taonani mfundo zake," azakhali anapitiriza, akuzunguza nsapatozo. Zinali zachikopa, zofiirira, zokhala ndi zingwe zazitali zomangidwa mfundo pamwamba pa mfundo mpaka kuoneka ngati chisa. "Munthu wa zaka makumi anayi, wokonza mawailesi, zala zotha kugwira kawaya kochepa ngati tsitsi, koma chingwe cha nsapato kumukanika. Ndinamuphunzitsa ndine ali mwana. Makofi amene anadya chifukwa cha zingwe, mukanaona. Koma mpaka imfa, kuyenda zingwe zili khwekhwerere kumbuyo. Ndani akudziwa, mwina tsiku lija anapunthwa nazo zomwezi pamsewupo."

"Anavala masilipasi, alamu."

"Mwati?"

"Tsiku limene galimoto inamugunda anavala masilipasi. Anali yekha. Akamayenda yekha ankavala masilipasi."

Azakhali anaponya nsapatozo m'thumba la zovala zopatsa anthu, nakhala pampando. Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja mwachangu, ngati akuthamangitsa ntchentche.

"Chabwino. Tikambe za mwana."

Mwanayo anali wamkazi, wa zaka zisanu, ndipo dzina lakuti Kapitawo anam'patsa ndi bambo ake, chifukwa atangoyamba kuima ankaimirira pafupi ndi tebulo lawo la ntchito, manja kumbuyo, kuyang'anira ngati ndiye mwini kampani. Dzinalo linakakamira mpaka anamwino a kuchipatala ankamuitana choncho. Anabadwa ndi mtima wosalongosoka. Adokotala anawajambulira papepala: pakati pa mtima pali bowo, ndipo njira ya magazi yopita kumapapo ndi yopapatiza, choncho magazi ena amazungulira thupi asanatenge mpweya. Matendawo anali ndi dzina lalitali lachilendo limene bambo ake analemba pakhoma, koma palibe amene ankalitchula. Mwanayo akatopa kapena akalira kwambiri, milomo inkada ngati watafuna bolopeni, mpweya n'kumamuthawa. Mankhwala anali kumwa katatu patsiku, koma chithandizo chapafupi chinali chimodzi: anyonyomale, mawondo afike pachifuwa, kuti magazi akankhidwire kumapapo. Opaleshoni imene anaidikira zaka zitatu inali itatsala masabata asanu ndi awiri. Ntchito ya banja lonse inali imodzi, kumufikitsa tsiku limenelo ali moyo.

"Lolemba mukuyambanso ntchito ku hotela," anatero azakhali. "Mumachoka kusanache kukachapa nsalu za anthu. Amene ankakhala naye pakhomo ndi uja wapitayu. Ndiye Loweruka ndikupita naye kwanga. Kwanga azigona. Kulibe zoyenda, kulibe za sukulu ya mkaka. Akafuna kuchimbudzi ndimunyamula. Tsiku la opaleshoni ndikubweretserani."

"Ndi ulendo wa tsiku lonse kwanuko."

"Ndiye?"

"Wangotaya bambo ake. Ataye ndi mayi ake omwe?"

"Mlamu, musandipangitse kulankhula zoipa. Chimwalirireni mlongo wanga, mwanayu wada kangati?"

Make Kapitawo anayang'ana pansi. "Kawiri."

"Kawiri m'masiku asanu, ali m'manja mwanu. Sindikukunyozani. Koma m'banja muno taika mmodzi, basi akwana."

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Kapitawo analowa atakumbatira wailesi yakufa imene ankaseweretsa ngati chidole. Anali kamwana kowonda, ka maso aakulu ndi nsonga za zala zotupa pang'ono. Anayang'ana pakhomo pamene nsapato zinkakhala, kenako anaona chingwe chikulendewera pakamwa pa thumba.

"Ndani wachotsa nsapato za adadi?"

"Adadi sazifunanso, mwanangu," anatero azakhali mofatsa. "Tipatsa a mlonda."

"Ayi! Ndi za ntchito yanga!"

"Ntchito yanji iwe?"

Koma mwanayo anali atayamba kale kulira, kulira kuja kokoka mpweya mwamphamvu, ndipo make anaona milomo ikusintha. Anamugwira. "Nyonyomala, Kapitawo. Nyonyomala, mayi wanga."

"Sindikudwala! Ndisiyeni!"

Anachita kumugoneka pabedi ndi kumupinda miyendo mokakamiza, mwana akumenya ndi zigongono, azakhali atagwira mapewa. Zinatenga nthawi imene munthu angathe kuwiritsa madzi a tiyi, koma kwa make zinali ngati chaka. Kenako thupi linalefuka, mtundu unabwerera pang'onopang'ono, ndipo mwanayo anagona tulo tolemera.

"Katatu," anatero azakhali chapansipansi. Ananyamula thumba lija natuluka nalo.

Madzulo dzuwa lisanalowe, make Kapitawo anakhala patebulo la ntchito la mwamuna wake, pakati pa mawaya ndi timabokosi ta tizitsulo. Pakhoma panali kalendala imene malemuyo ankalembapo mtanda wofiira tsiku lililonse limene mwana wada. Anatembenuza masamba chobwerera. Mwezi watha, palibe. Mwezi winawo, palibe. Anafika mpaka kalendala ya chaka chatha imene inali kuseri, ndipo mtanda womaliza anaupeza miyezi khumi ndi umodzi kumbuyo.

Tsiku limenelo ankalikumbuka. Kapitawo anabwera kuchokera kusukulu ya mkaka akulira, chifukwa atanyonyomala panjira anzake anamuzungulira n'kumaimba kuti akukodza pamsewu. Kuyambira tsikulo anakana kunyonyomala, ndipo ukamukakamiza ndiye kulira kwake kunkamudetsa kuposa kuyendako. Bambo ake anangoti, "Ndisiyire ine zimenezi." Make, wotopa ndi nsalu za ku hotela, anamusiyiradi, ndipo sanafunsenso. Mitanda inatha, iye n'kumayamikira mankhwala.

Anatenga bolopeni yofiira nalemba mitanda itatu. Kenako anatsamira mutu patebulo. "Unkatani iwe?" anafunsa mawayawo. "Bwanji sunandiuze?"

M'mawa mwake linali tsiku la sikelo ndi kuonana ndi adokotala a mtima. Kuchokera pakhomo kukafika pokwerera basi panali kamtunda, njira yomweyo yopita kusukulu ya mkaka. Azakhali anatulutsa nsalu yoberekera.

"Bwera ndikubereke."

"Ndili ndi miyendo," anatero Kapitawo.

"Miyendo uli nayo, koma..."

"Musiyeni, alamu. Mukamukakamiza alira. Tiyenda pang'onopang'ono."

Azakhali anapinda nsaluyo mokwiya naipachika paphewa. Anali atavala nsapato zawo zoyera zansalu, zomangidwa bwino ngati akupita kukayendera ana pamzere. Pageti mlonda anawapatsa moni wochuluka kuposa masiku onse, ndipo make Kapitawo anadziwa kumene nsapato zija zagona.

Anayenda. Anadutsa wogulitsa makala, anadutsa mpanda wa malata. Pofika pa mpope wa madzi, pamene njira imayamba kukwera, mwanayo anayamba kukoka phazi. Mapewa ankakwera ndi kutsika. Make anawerama.

"Kapitawo, tapumula. Nyonyomala pang'ono chabe."

Pa mpopepo panali amayi anayi ndi ndowa zawo, ndi ana awiri. Kapitawo anawayang'ana, napukusa mutu.

"Palibe amene akuseke."

"Ayi."

"Ndimati chiyani ine?" anatero azakhali, akutambasula nsalu. "Gwirani uko, timunyamule."

Nkhope ya mwanayo inayamba kukwinyika, kukonzekera kulira kuja. Milomo inali itayamba kale kuda m'mphepete. Anayang'ana pansi, pa mapazi a make, nanena ndi mawu oduka-duka:

"Nsapato zanu... zilibe zingwe."

"Nanga zingwe zatani, mwanangu?"

"Za adadi... zimamasuka pano."

"Pano?"

"Pa mpope. Yakumanzere. Yakumanja... kwa a wometa. Tsiku lililonse. Adadi satha kumanga. Ndimawamangira ine."

Make Kapitawo anaima ngati wathiridwa madzi ozizira. M'maganizo mwake anaona masilipasi aja. Anaona nsapato zija, zimene mwamuna wake anabwera nazo sabata lomwelo la kulira kwa kusukulu, ndi zingwe zazitali zimene anachita kukagula padera. Anaona kalendala yopanda mitanda.

Nthawi yolira panalibe. Anagwetsa dala buku la kuchipatala pafupi ndi mapazi a azakhali, nawerama ngati akulitola, ndipo ndi dzanja linalo anakoka chingwe cha nsapato yawo yakumanzere mpaka chinamasuka.

"Ha! A Kapitawo, taonani azakhali anu. Munthu wamkulu ngati ameneyu!"

"Ine?" anatero azakhali. "Zingwe zanga sizinayambe za..." Anayang'ana pansi, kenako anayang'ana mlamu wawo. Maso a make Kapitawo anali kuwapempha. Azakhali anatseka pakamwa.

Kapitawo anapumira m'mwamba ngati bwana wotopa ndi antchito aulesi. Anakwinya diresi lake, nanyonyomala, mawondo n'kufika pachifuwa penipeni, nagwira chingwecho ndi zala zake zotupa.

"Musasunthe," analamula.

Azakhali sanasunthe. Mwanayo anamanga mfundo imodzi, ina pamwamba pake, inanso, lilime lili kunja pang'ono. Amayi a pa mpope anapitiriza kutunga madzi, ndipo mmodzi anati, "Kapitawo ali pantchito," ngati chinthu chimene amachiona tsiku ndi tsiku. Make anali kuyang'ana milomo. Pa mfundo yachisanu mpweya unayamba kutsika. Pa yachisanu ndi chitatu milomo inali itabwerera.

"Yatha," anatero Kapitawo akuimirira. Pa nsapato yoyera ya azakhali panali chisa chofanana ndendende ndi chimene anachinyoza dzulo lake.

Anayendanso. Atayandikira kanyumba ka wometa, pamene chitunda chimathera, azakhali anatsokomola, nayenda mokhotakhota pang'ono, akuyesa kuponda chingwe chakumanja ndi phazi lakumanzere. Anaphonya kawiri, kachitatu anatsala pang'ono kugwa. Wometa, bambo wadazi amene anali pakhomo akutsuka makina ake, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Simukudziwa, mayi! Mwini wake ankaponda osayang'ana n'komwe, uku akundipatsa moni. Pondani kunsonga, kenako nyamulani phazi linalo."

Azakhali anaponda kunsonga. Chingwe chinamasuka.

"Azakhali, inunso?" anatero Kapitawo. "M'banja mwanu nonse simutha?"

"Ndi matenda a kwathu," anayankha azakhali ndi mawu osamveka bwino.

Mwanayo ali pantchito yake pansi, wometa anasendera pafupi ndi make nalankhula motsitsa. "Pepani ndi zovutazi, mayi. Ine ndinkatchera wotchi yanga pa zingwe za amuna anu. Akamusiya mwana kusukulu ankabwera kudzakhala pabenchi apa, kutulutsa msomali m'thumba, kumasula mfundo zonsezi imodzi imodzi, n'kumanganso bwinobwino kukonzekera pobwerera. Ndinawafunsa tsiku lina kuti, akulu, bwanji osangogula nsapato zopanda zingwe? Anati, ndikatero a Kapitawo achotsedwa ntchito."

"Kumanga ankadziwa?" anafunsa azakhali, osatembenuka.

"Amene aja? Ankamanga ngati msilikali. Anati anawaphunzitsa ndi achemwali awo, ndi makofi."

Azakhali anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, ngati pali ndege imene ikudutsa.

Kuchipatala adokotala, mayi wachitsikana wovala magalasi, anamvetsera pachifuwa pa mwanayo, namupanitsa kachipangizo pachala, nawerenga mitanda itatu imene make anakopera m'buku. Nkhope yawo sinasangalale. Anawonjezera mankhwala pang'ono, nanena kuti akadanso ndipo osabwerera msanga athamange naye, asadikire.

"Ine ndimafuna ndikamugoneke kwanga mpaka opaleshoni," anatero azakhali, koma mawuwo analibe mphamvu ya dzulo.

"Akagona mwakufuna kwake, chabwino. Koma akamalira tsiku lonse kufuna mayi ake, kulirako n'koopsa kuposa kuyenda pang'onopang'ono. Chachikulu ndi chakuti azinyonyomala asanade, osati atada kale. Paja m'bukumu munalembedwa kuti amakana. Mumatani kuti avomere?"

Make Kapitawo anayang'ana mwana wake, amene anali kumvetsera ndi makutu onse awiri.

"Sanyonyomala, adokotala," anatero. "Amangokhala ndi ntchito zambiri panjira."

Adokotala anatsitsa magalasi, nayang'ana zisa ziwiri pa nsapato za azakhali, nalemba kanthu m'buku akumwetulira.

Atabwerera, mwana atagona tulo ta masana, azakhali anatsegula thumba la zovala, natenga nsapato zina za malemuyo, zakuda zopanda zingwe zimene ankavala pa maukwati, natuluka nazo. Make Kapitawo anawamva ali pawindo.

"Koma mayi, mphatso sabweza," ankadandaula mlonda.

"Sindikubweza, ndikusinthitsa. Izi ndi zatsopano, zija ndi zakutha. Ukudandaula chiyani?"

"Zija ndinazikonda mtundu."

"Iwe, mtundu uvala kapena nsapato? Tulutsa."

Anabwera atazikumbatira pachifuwa ndi manja awiri. Anakhala pampando wa mlongo wawo, natenga msomali umodzi pawindo, nayamba kumasula mfundozo. Zinali zolimba, ndipo zinawatengera nthawi. Atamaliza anatambasula zingwezo patebulo. Pa nsapato iliyonse, nsonga imodzi inali yabwinobwino, koma inayo inali yophwanyika, yakuda, yophwatalala ngati yapondedwa ndi galimoto.

Azakhali anaisisita ndi chala chachikulu.

"Chaka chonse ndakhala ndikumunyoza pamaso pa anthu," anatero. "Pa ukwati wa mwana wanga ndinamutcha chitsiru chifukwa cha zingwe. Iye kungoseka."

"Inenso ndinkamuseka, alamu. Ndinkagona naye nyumba imodzi."

"Bwanji sananene?"

"Akananena, tikanayamba kumayang'anitsitsa. Mwanayu ndi wochenjera, akanazindikira."

Kunja wina ankakhoma malata.

"Ku hotela kwanuko," anatero azakhali kenako, "kulibe gulu lolowa masana?"

"Lilipo. Ndikhoza kupempha."

"Pemphani. M'mawa muzimuperekeza ndinu, masana ndizikamutenga ine. Ndikhala pano mpaka amung'ambe n'kumusoka. Koma ndikuuzirenitu, khitchini yanuyi ndiikonza mwa ine. Mapoto sakhala pansi."

"Ikonzeni, alamu."

"Ndipo musaganize kuti ndagonja."

"Sindikuganiza."

Loweruka linadutsa, chikwama cha azakhali chili pansi pa bedi. Lolemba m'mawa, Kapitawo atamwa mankhwala ndi kuvala yunifolomu yake, anapeza make atakhala pakhomo, mapazi ali mu nsapato zofiirira. Zinali zazikulu kwambiri moti azakhali anachita kufinyira nyuzipepala kutsogolo. Anagwada ndi bondo limodzi, akudandaula za msana, namanga zingwezo mwaukhondo monga anaphunzitsira mlongo wawo kalekale, koma mofewa, nsonga yophwanyika ija n'kuisiya yaitali.

"Amayi, mukuoneka ngati bakha," anatero Kapitawo.

"Bakha wake wa ndani?"

"Wa adadi."

Anatuluka pageti, nsapato zikulira phwa, phwa. Mlonda anaziyang'ana mwachisoni koma anapereka moni. Anadutsa wogulitsa makala, anadutsa mpanda wa malata. Make ankamvetsera mpweya wa mwana pambali pake, ndipo anazindikira kuti pa mpanda unali udakali bwino, koma masitepe khumi patsogolo unayamba kulemera, pang'ono chabe, moti munthu wosatchera khutu sakanamva. Anakweza maso. Mpope unali pomwepo. Mwamuna uja anachita kuyeza njira yonseyi ndi khutu.

Anapatsa moni amayi otunga madzi, ndipo osayang'ana pansi, anaponda kunsonga, nanyamula phazi lakumanzere.

"Amayi!"

"Chiyani?"

"Taonani."

"Ha! Zachitika bwanji? Pepani, a Kapitawo."

Mwanayo anapukusa mutu, nakwinya yunifolomu, nanyonyomala. Anamanga mfundo yoyamba, yachiwiri. Kenako, osadzutsa mutu, anati, "Adadi amaika dzanja pamutu panga. Kuti asagwe."

Make anaika dzanja pamutu pake. Pansi pa chikhatho ankamva kamutu kofunda kakukwera ndi kutsika, mofulumira poyamba, kenako pang'onopang'ono. Anaima choncho ndi mwendo umodzi patsogolo, akuyang'ana ndowa ikudzaza pa mpope, mpaka a Kapitawo anamaliza ntchito yawo.